Kunyanja ndi tambala wa azakhali

Tinanyamuka pa Cuamba Loweruka mbandakucha, pa pikapu ya a Momade. Kutsogolo kunakhala amuna anga, a Abiliyu, ati kuti azithandiza dalaivala kuona msewu. Kumbuyo tinakhala ine ndi ana: Tereza wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndi mlongo wake Zeka wa zaka zinayi, amene pakamwa pake sipapuma ngakhale ali m'tulo. A Momade ndi mnzawo wa amuna anga. Amapita ku Lichinga kukapikula kachewere ndi nyemba, ndiye popita galimoto imakhala yopanda kanthu. Tinagwirizana kuti tiwapatse metikali zikwi zitatu za mafuta kuti atsetsereke nafe mpaka ku Meponda, kunyanja. Ana akasambe, tikagone ku Lichinga, m'mawa mwake tibwerere titakhala pamwamba pa matumba.

Musaganize kuti ndife anthu oyenda maulendo a chisangalalo. Ulendowu unali ndi mwini wake. Miyezi iwiri m'mbuyomo malungo anamugwira Tereza moti tinagona naye m'chipatala sabata yathunthu. Malungo anatha, koma njala sinabwerere. Mwana anangotsala maso. Ukabwera ndi phala, ankatembenuzira nkhope kukhoma. Tsiku lina bambo ake, atatopa n'kunyengerera, anagwada pambali pa bedi n'kumulonjeza kuti akamadya adzapita naye kunyanja, kumene madzi ake alibe tsidya. Mwana anatsegula pakamwa. Kuyambira pamenepo ankadya ngati munthu wolipira msonkho: masupuni angapo, kenako funso lakuti tipita liti. Koma kupempha chakudya yekha, sanapemphepo ngakhale kamodzi. Ine ndinkaopa, ndisakubisireni. Ndinkadziwa kuti tsiku limene adzaganize kuti tinamunamiza, adzatseka pakamwa ndipo sitidzapatsegulanso.

Kukonzekera kunandidyera sabata. M'dengu ndinaikamo mpunga wa nyemba, mazira owiritsa, mabajiya, timabuledi tathu ta pau khumi ndi tiwiri, ndi juwisi wosungunula. Ndinatenga zipewa, makapulana omwe ena amati zitenje, sopo, mankhwala a Tereza, ndi kachidebe kake kofiira komwe ankati akatungiramo nyanja. Amuna anga nawo anakonzeka mwa njira yawo. Iwowa anakulira ku Nacala asanabwere kudzagwira ntchito ya njanji ku Cuamba, ndiye pa nkhani za nyanja sauzidwa kanthu. Anabwera ndi chubu cha tayala chopopa kale, ndi chigubu chachikulu chodzaza madzi a pampopi. Nditafunsa za chigubucho, anati ndi madzi otsukira ana mchere akatuluka m'nyanja. Ndinawauza kuti nyanja ya Niassa ilibe mchere, kuti ine ndinabadwira kothawa nkhondo ku Mangochi ndipo phala langa loyamba analiphikira madzi omwewo. Anandiyang'ana mwachifundo n'kundifotokozera kuti madzi ambiri chotero, akanakhala opanda mchere, bwenzi atawola kalekale. Anawonjezanso kuti tifulumire kuti tikafike madzi asanaphwe. Ndinangoti chabwino, bambo a Tereza. Banja lathu lafika pano chifukwa cha chabwino ameneyo.

Koma chimene chinkandisowetsa tulo sichinali chigubu. Anali azakhali Filomena. Iwowa ndi alongo awo a malemu bambo anga, ndipo ndi amene anandibereka kumbuyo pobwerera kuno nkhondo itatha. Nyumba yawo ili pa Mandimba, m'mphepete mwenimweni mwa msewu, pamene pali mabampu. Ine ndimakayikira kuti mabampuwo anachita kukawapempha okha. Azakhali ndi munthu wabwino, koma ubwino wawo ndi wosathawika. Kwawo kulibe zoti ndangodutsa. Ukangoponda pakhomo, nkhuku yafa, ndipo nkhuku ikafa mlendo sachoka mpaka fupa lomaliza. Chaka chatha tinapita Loweruka kukangowasiyira mbewu ya chimanga, tinabwerako Lachiwiri. Kuwadutsa osapereka moni ndiye mlandu woposa. Msuweni wanga wina anayesa atakwera minibasi, imene kuno timati shapa, anthu anakamuneneza, ndipo mpaka lero azakhali samutchula dzina. Amangoti uja wa pawindo.

Ndiye tinapangana nzeru. Tikayandikira Mandimba, a Momade aimbe hutala kawiri. Ine ndi ana tigone pansi n'kufunda lona wophimbira matumba, amuna anga apinde msana kutsogoloko. Tikadutsa mabampu, tidzuke ngati anthu. Moni tidzapereka pobwera, titanyamula kachewere wopepesera.

Msewu wa Cuamba kupita ku Mandimba masiku ano ndi wa phula, galimoto imangoyenda myaa. Kale ulendo umenewu unkafika nawo tsitsi lili lofiira ndi fumbi, mano akugwedera. Dzuwa linatitulukira titadutsa Mississi. Anthu anali atayamba kale kutulutsa matumba a makala m'mphepete mwa msewu, ndipo njinga zinkapita kumsika zitanyamula chilichonse, ina mpaka mbuzi itakhala pakaliyala ngati mkwatibwi. Zeka ankapereka moni kwa aliyense, mbuzi yomwe. Tereza anangogwira kachidebe kake ndi manja awiri.

Pamlatho wa Lugenda anadzuka n'kugwira chitsulo. Anayang'ana madzi, kenako anandiyang'ana ine, n'kufunsa ngati nyanja ija ndi imeneyi. Ndinamuonetsa mitengo ya kutsidya n'kumukumbutsa kuti bambo ake anati kulibe tsidya. Anakhalanso pansi. Pamenepo ndinawayesetsa masewero a lona. Ndinamuuza Zeka kuti tikusewera chibisalirano ndi tauni yonse ya Mandimba, ndipo woyamba kuyankhula waluza. Anavomera ndi mutu, maso ali gwa. Ndinamukhulupirira, kupusa kwanga.

Hutala inalira kawiri dzuwa lisanatenthe. Tinagona. Pansi pa lona pankanunkha anyezi wa ulendo wapita. Ndinamva galimoto ikuchepetsa liwiro, ikukwera bampu yoyamba, ikutsika. Ndinamva tsache likusesa pafupi, shwa, shwa, ndipo ndinadziwa mwini wake, chifukwa azakhali amasesa mpaka theka la msewu. Bampu yachiwiri. Ndinayamba kuthokoza Mulungu mumtima. Pomwepo kuwala kunalowa mu lona, ndipo ndinamva mawu a mwana wanga, omveka bwino, aulemu, monga ndakhala ndikumuphunzitsira chaka chonse ndikumukoka khutu.

"Agogo, mwadzuka bwanji?"

Ndingamukalipire chiyani? Ndinamuphunzitsa ndekha.

Azakhali sanathamange. Anangokweza tsache m'mwamba ngati wapolisi wa pamsewu, ndipo a Momade anaima. Pambuyo pake anandiuza kuti mwendo unaponda buleki wokha. Tinatuluka mu lona mmodzimmodzi, makoko a anyezi ali m'mutu. Azakhali anatsegula chitseko chakutsogolo n'kupeza akamwini awo atapindika pansi, mutu uli pakati pa mawondo. A Abiliyu anati akufuna ndalama yachitsulo yomwe inagwa. Atafunsidwa za lona, anati timateteza ana ku fumbi. Azakhali anayang'ana msewu wa phula, woyera, wosesedwa ndi iwo omwe.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Manyazi atandigwira, ndinati tabwera kudzawaona mowadzidzimutsa. Mawu atangotuluka ndinazindikira kuti wodzaona azakhali safika chimanjamanja. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo panalibe china koma dengu. Ndinalitsitsa ndi manja anga, n'kugwada, n'kulipereka. Azakhali amasunga zidzukulu zisanu. Dengu limene ndinalikonza sabata yathunthu linatha ndisanamalize kufotokoza za moyo wa ku Cuamba. Mazira ndiye sindinawaone n'komwe kumene analowera.

A Momade anayamba kuyang'ana dzuwa n'kumakhosomola. Ananena mwaulemu kuti iwo ndi wa ulendo, ogulitsa kachewere ku Lichinga sadikira munthu. Azakhali anawafunsa dzina ndi kwawo, ndipo posakhalitsa zinapezeka kuti mayi awo a Momade anagulitsapo nawo usipa pamsika wa Mandimba. Kenako anaitana zidzukulu kuti zigwire tambala wofiira uja. Tambalayo anali wamkulu msinkhu, wodziwa dziko. Anazungulira nyumba, analowa m'munda wa chinangwa wa aneba, anakwera pankhokwe, ana asanu ndi Zeka wachisanu ndi chimodzi ali pambuyo. Atagwidwa, azakhali anatenga mpeni n'kuupereka kwa a Momade ndi manja awiri. Anati popeza a Momade ndi Msilamu, achinje okha kuti nawonso adye nawo popanda chikaiko. Kumeneko ndi kuchenjera kwa azakhali. Munthu amene wachinja nkhuku ya eni ake sangalize galimoto n'kuchoka isanapse. A Momade anachinja, anasamba m'manja, n'kukhala pampando ngati wamangidwa.

Tambala analowa mumphika. Tiyi anabwera. Amuna anga anafunsidwa za chubu, n'kuyankha kuti ndi chapadera cha galimoto, ngakhale aliyense ankaona kuti chubucho ndi cha thirakitala. Ine ndinkangowerengera mumtima: tambala wokalamba ngati uja kuti afewe ndiye kuti dzuwa lapendeka, tikadya azakhali anena kuti kwada, tigone, ndipo mawa ndi Lamulungu, kutchalitchi.

Tereza anakhala pamphasa kumapeto kwa khonde, kachidebe kali pamiyendo, akuyang'ana galimoto. Azakhali anamupititsira tiyi ndi kapau kamodzi komwe kanapulumuka. Mwana anatembenuzira nkhope kukhoma. Kutembenuka kumeneko ndinkakudziwa bwino. Ndinapita kukagwada pafupi naye, ndinamunyengerera, ndinamuuza kuti tipita posachedwa. Sanalire. Anangoyankha motsitsa mawu, nkhope ili kukhoma komweko.

"Ine ndinadya masiku onse aja. Inu simunandipititse."

Ndinadzuka n'kulowa kukhitchini kumene azakhali ankasonkhezera moto. Ndinawauza zonse: malungo, chipatala, lonjezo, lona. Ndinkayembekeza kuti nkhani ya lona ndi imene indiphe. Koma iwo anati za lona asazimve n'komwe, mapazi anga anawaona akusuzumira kunja Zeka asanadzuke, ndipo zidendene za kwathu sizisowa. Chimene chinawapweteka chinali china.

"Iwe Rozita, mwana kugona m'chipatala sabata yonse, ine n'kumva lero? Ndinafa ine?"

Ndinati tinkaopa kuwavutitsa. Zoona zake n'zakuti tinkaopa kuti abwera ndi theka la Mandimba kudzagona pakhonde la chipatala, koma zimenezo sindinanene. Anatuluka panja. Ndinawaona pakhonde atawerama, atagwira dzanja la Tereza, akuzunguliza zala ziwiri pamkono pake. Zalazo zinakumana n'kutsalako malo. Anaimirira pamenepo kanthawi, kenako anabwerera kukhitchini, anatenga zigamba ziwiri n'kuphula mphika uli pakati pa kuwira. Chibadwire changa sindinaonepo mphika ukuphulidwa m'nyumba imeneyo ndiwo zisanapse.

"Nyamulani mbaula ndi makala," anatero. "Mwana uyu sagona asanaone madzi. Koma tambala wanga sadyedwa ine kulibe."

Anakhuthulira mpunga wosaphika m'kathumba, anamanga mphika m'kapulana, anasiya zidzukulu m'manja mwa aneba, anavala nsapato za kutchalitchi. A Momade analiza galimoto msanga ngati akuopa kuti chigamulo chisintha. Tinawapempha azakhali kuti akhale kutsogolo, koma anakana. Anati mphika ukufuna munthu wamkulu, ndiponso ali ndi mawu oti andiuze.

Mawuwo anayamba tisanatuluke m'tauni ndipo anakwera nafe mapiri onse a ku Ngauma. Msewu kumeneko umakhotakhota n'kumakwera, mphepo imayamba kuzizira, midzi ili m'munsi mwa mapiri a miyala. Ine zonsezo ndinkaziona ndi diso limodzi, chifukwa khutu linali pa ulaliki. Azakhali anati anthu a masiku ano phula latiwononga. Kale msewu uli woipa galimoto inkafa pakhomo pa m'bale, anthu n'kuonana. Anati chibale ndi fupa, sichiwola, koma ife tikufuna kuchiwoletsa ndi liwiro. Anati munthu wodutsa pakhomo pa m'bale wake atafunda lona ndi wofunika kumupempherera. Ine ndinkangoti inde azakhali, zoona azakhali. Tereza anali atatsamira mphika, chifukwa unali wofunda.

Tikuyandikira Massangulo, ulaliki unaduka pakati pa chiganizo. Ndinaona azakhali akusuzumira kutsogolo, kenako akuyang'ana lona. Anafunsa ngati dalaivala amaima pamalo ogulitsira nthochi aja. Ndinati sindikudziwa. Sanadikire. Anakoka lona ndi dzanja limodzi, lina lili pamphika, n'kutilamula tonse kuti tigone.

Tili m'kati, anandinong'oneza kuti pamenepo pamagulitsa alamu awo, Abiti Ajusa, alongo awo a malemu amuna awo. Anati ine sindikuwadziwa mayi amenewo. Iwo sapha nkhuku, amapha bakha, ndipo bakha wawo amapsa mawa.

Ngati kuti wina anawatuma, a Momade anaima pomwepo. Iwo za alamu sankazidziwa, ankangofuna nthochi zoti ana adyere m'njira poona kuti dengu linapita. Tinamva chitseko chikutsegulidwa, moni wa Chiyao, kenako kunenerera. Mayiwo ankati phava ndi metikali makumi asanu, a Momade ankati makumi anayi, ndipo onse awiri sankaoneka kuti ali ndi changu. Mapazi anayandikira kumbuyo kwa galimoto. Mawu a mayi wachikulire anafunsa kuti kodi mu lonamu mwanyamula chiyani chonunkhira nkhuku chonchi. A Momade, amene tsopano anali ataona lona akupuma, anayankha kuti ndi katundu wa eni ake, iwo sanamutsegule.

Zeka anamva mawu a munthu wamkulu. Ndinamumva akukoka mpweya, ndipo ndinadziwa chimene chikubwera. Koma azakhali anandichita changu. Chikhatho chawo chinafika pakamwa pa mwanayo moni asanatuluke, n'kukhala pomwepo mpaka galimoto inanyamuka. Titadutsa mtunda ndithu anatulutsa mutu, anakonza duku, anayang'ana mapiri ngati palibe chachitika. Kenako anandiuza, osandiyang'ana, kuti ndikadzangouza munthu adzandikana pamaso pa mpingo. Ndinaseka mpaka misozi. Tereza, amene anaona zonse, anamwetulira pang'ono, koma nthochi anaikana.

Ku Lichinga tinafika dzuwa lili pamutu, koma kamphepo kake kanatipangitsa kufunda makapulana. Tinangoima pamsika kuti a Momade auze owagulitsa kuti awasungire matumba mpaka madzulo. Mnyamata wina wogulitsa makabichi anaona chubu ndi chigubu n'kufunsa ngati ku Meponda madzi atha. Amuna anga anamuyankha kuti mwana wa kumapiri sangazimvetse. Kuchoka apo msewu umatsika, ndipo si wa phula losalala ngati uja. Tinkadumpha ngati chimanga chokazinga, azakhali atakumbatira mphika, msuzi ukudontha pa nsapato za kutchalitchi. Kutentha kunkawonjezeka pa kona iliyonse. Tereza anagona.

Pa kona ina mitengo inapatuka, ndipo nyanja inangoti mbee kutsogolo kwathu. Ndinamugwedeza mwana. Anadzuka, anagwira chitsulo, anayang'ana nthawi yaitali. Mwezi wa Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri a ku Malawi, moti madzi ndi thambo zinangolumikizana. Anafunsa kuti tsidya lili kuti. Bambo ake anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti kulibe, si ndinakuuza. Tsiku limenelo utsi unawapulumutsa.

Tinatsika pafupi ndi pamene asodzi amakocheza mabwato. Mchenga unkawotcha moti tinkayenda modumphadumpha, kupatula azakhali amene anali ndi nsapato. Amuna anga anatsogola ngati mwini malo. Ndinawaona akuwerama m'mphepete, akuviika chala, akulawa mobisa. Analawanso kachiwiri. Anaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno, kenako anabwera n'kundiuza kuti mchere wake ndi wochepa. Sanathere pomwepo. Anapita kwa bambo wina amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo n'kumufunsa kuti madzi aphwa nthawi yanji. Msodziyo anaganiza kaye, n'kuyankha kuti mwina mwezi wamawa, mvula ikachedwa.

Zeka anathamanga mpaka pamene mafunde amathera, anaima, anaomba m'manja n'kunena odi. Anadikira. Azakhali anamuyankhira ali kumtunda kuti lowani, ndipo analowa ndi malaya omwe. Tereza sanathamange. Anandigwira dzanja, tinayenda pang'onopang'ono. Funde loyamba litamukhudza mapazi anabwerera m'mbuyo, lachiwiri anaima, lachitatu analiponda. Anatunga madzi m'kachidebe, anawayang'ana, anawataya, anatunganso. Nditamuvula diresi ndinaona nthiti zake zonse poyera, ndipo ndinayang'ana kumbali. Bambo ake anabwera ndi chubu cha thirakitala, chimene chikanakwana banja lonse, anamukhazika pakati n'kumamukankha m'madzi ofika m'chiuno. Posakhalitsa ndinamva kuseka kumene ndinali nditakuiwala.

Kumtunda azakhali anali atayatsa kale mbaula pansi pa mtengo wa msodzi uja, ndipo anali atadziwa kale kuti mkazi wake ndi wa ku Mandimba. Tambala anabwerera pamoto. Pofuna madzi a mpunga anayang'ana nyanja, mmene munali ana a m'mudzi akusamba ndi amayi akuchapa, kenako anayang'ana chigubu. Anatsegula chigubucho. Amuna anga anaziona ali m'madzi, ndipo anaimika chubu kuti andiitane ndi dzina, ndione bwino amene anali ndi nzeru. Ndinati chabwino, bambo a Tereza.

Ana anakhala m'madzi mpaka zala zinachita makwinya. Zeka ndinachita kumutulutsa ngati mbuzi yokana dibi. Ndinali kumupukuta, ndikulimbana naye kuti avale kabudula, pamene ndinamva kadzanja kozizira kakundigwira pachigongono. Anali Tereza, madzi akutsika m'tsitsi, milomo ikunjenjemera, mchenga uli mpaka m'makutu. Sankandiyang'ana ine. Ankayang'ana kumtengo kumene kunkachokera fungo.

"Amayi, ndili ndi njala."

Sanafunse kuti tipita liti. Sanawerenge masupuni. Ndinalira pomwepo, pamaso pa asodzi, kabudula wa Zeka ali m'manja. Sindinanamizire utsi wa mbaula, unali kutali.

Tinakhala pa lona yemwe uja, tsopano atayalidwa pansi. Azakhali anavundukula mphika. Kwathu nthutumba ya nkhuku ndi ya mlendo wamkulu, ndipo a Momade, amene anachinja, anali atakonza kale mbale. Amuna anganso anakhosomola pang'ono. Azakhali anaivuula, anadutsa mbale ya a Momade, anadutsa ya akamwini awo, n'kuiika m'mbale ya Tereza pamodzi ndi ntchafu. Palibe anadandaula. Tambalayo, kunena zoona, anali adakali wolimba ngati lamba, koma mwana analimbana naye ndi manja awiri, msuzi ukutsika m'zigongono. Anamaliza mpunga, anatambasula mbale kuti amuwonjezere. Tonse tinkadya mwakachetechete, tikunamizira kuyang'ana mabwato, kuopa kuti tikamuyang'anitsitsa asiya.

Ine ndinakonza ulendo umenewu sabata yathunthu, ndipo pa zonse zimene ndinakonza, chimene chinafika kunyanja ndi sopo, zipewa ndi zina zosadyedwa basi. Chakudya chimene mwana wanga anapempha ndi pakamwa pake chinali cha munthu amene ndinkamuthawa. Ndaphunzira kuti wopita kunyanja kudzera pa Mandimba anyamuke Lachisanu, adutse atakhala tsonga, ndipo asiye malo a munthu mmodzi ndi mbaula. Za pa Massangulo sindinaphunzirepo kanthu, chifukwa sindinaone chilichonse.

Tikupakira kuti tikwere ku Lichinga dzuwa lisanapendeke kwambiri, azakhali anatsuka mphika wawo ndi mchenga n'kulengeza kuti mawa pobwerera tiima pa Mandimba. Anati lero sitinadye pakhomo pawo, ndiye ulendo uja suwerengedwa, ndipo tambala wofiira anasiya mng'ono wake. A Momade anayang'ana kumwamba. Amuna anga anayamba kunena za ntchito ya Lolemba. Ine ndinali kufunafuna mawu aulemu okanira, pamene Tereza, fupa lili m'kamwa, anawakoka azakhali kapulana.

"Agogo, mng'ono wakeyo ndi wamkulu?"

Tinafika ku Cuamba Lachiwiri.